Mtima wa Adzatopa

Fungo la dibi la ng'ombe limandibwezera ku esiteti ya fodya kuseri kwa Madisi, dzinja lomwe galu wanga Adzatopa anasiya kudya. Musaseke dzinalo, amayi anamutcha ponyogodola anansi. Tinali matenanti, odya chimanga cha bwana, ndipo zovala zathu zinkanunkha utomoni wa fodya ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Galuyo ankangogona m'chigafa, nthiti zili pamtunda, nkhama zitayera ngati ufa.

Akapitawo atamuona akuchucha dovu anati ndi chiwewe. Analamula bambo kuti akamuphere kuphiri, apo ayi tisamuke fodya ali m'munda. Bambo anangoyang'ana mpini wa khasu. Ine ndinakulunga galuyo m'chiguduli n'kuthawira naye kudibi, matope ofika m'mawondo, poti tsikulo kunali a vetenale.

A vetenalewo anali munthu wamtali, m'khosi atakoleka timapaipi takuda tokhala ndi kachitsulo kumapeto. "Mbali yaikuluyi ndi ya ng'ombe," anatero akukatembenuza. "Mnzakoyu waonda, timumvera ndi yaing'ono." Ine, dokotala wa sitandade thuu, ndinawalozera pamimba. Iwo anangokoka mwendo wakutsogolo wakumanzere n'kuika kachitsuloko kuseri kwa chigongono, nati ndimutseke pakamwa kuti kuwefuka kusasokoneze. Anamvetsera nthawi yaitali osaphethira. Kenaka anandilowetsa timapaipito m'makutu. Patali ndinamva kugunda kofulumira, kopepuka ngati kamwanapiye kakugogoda m'dzira.

"Si chiwewe ichi, nkhupakupa zamutha magazi. Ukawauze akapitawo kuti ndatero ndine." Za jakisoni sanatchule.

Akapitawo anatileka. Ine ndinalumikiza fanelo ya palafini ndi paipi ya pampu ya njinga kuti ndizimverera mtima wa galuyo, chipatala chinatsegulidwa. M'mawa uliwonse ndinkagwada m'chigafa, denga likudontha, paipi ili kukhutu limodzi, ndikumuchonderera Adzatopa kuti apirire mpaka mondokwa apse. Ndinkamubweretsera mobisa mtedza wokazinga, iye osanunkhiza n'komwe. Fodya atayamba kufiira, ndinaika fanelo pamalo pake penipeni, n'kumva mvula yokha.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti mtima sungaime wina akuumvetsera. Lero, ndi makutu anga ogonthawa, ndimadziwa kuti a vetenale anamva mathero ake tsiku lomwelo. Chomwe chinali m'manja mwawo n'chakuti galu afere pakhomo, mnzake ali pambali, ndipo chimenecho anachichita.