Gudumu la kutsogolo

Sindinalephere mayeso alionse. Amene amanena zimenezo ku Lirangwe ndi abodza. Ndinasiya ndekha.

Tinali anyamata ochepa amene tinasankhidwa kukaphunzira kuyendetsa ndege ku Chileka, tindege ta mipando iwiri, topepuka ngati chitini cha palafini. Mphunzitsi wathu anali mzungu wouma thupi, wosakonda zoyankhula. Chimene ankabwereza tsiku ndi tsiku chinali chimodzi: ndege ikagunda pansi n'kudumpha, usaikakamize. Onjezera moto, nyamukanso, zungulira, ubwere bwino. Ankati kuzungulira si mlandu.

Atandiuza kuti Loweruka ndiuluka ndekha koyamba, ndinauza mayi. Mayi anauza malume, malume anauza msika wonse.

Amayi a kwathu Chileka ankaidziwa bwino. Masiku amenewo ankawanyamula pa lole kukavina mtsogoleri wa dziko akamatera, ndiye kulandira ndege ankakutenga ngati ntchito yawo. Loweruka lija, ndili ndekha m'mwamba, ndikukhota kuti ndilunjike msewu woterapo, ndinaona lole ya malume itaima kuseri kwa waya, nsalu zikukupizidwa. Palibe amene anawaitana. Ndinatukwana mokweza, poti munalibe wondimva.

Ndinatsika ndi liwiro lambiri. Matayala anagunda phula, ndege inadumpha ngati chule. Dzanja langa linali pomwepo pa chowonjezera moto, ndipo chochita ndinkachidziwa. Koma mutu unali kuseri kwa waya. Anthu achoka ku Lirangwe m'mamawa, nyimbo ayamba kale, ine n'kubwereranso m'mwamba iwo akuona? Malume akanawauza chiyani, kuti mwana wakanika kutera? Ndinakankhira mphuno pansi. Inadumphanso, kuposa poyamba. Ndinakankhanso. Gudumu la kutsogolo linathyoka, pulopela yozungulira kumphuno ija inatema phula, ndege inakhwekhwereza mphuno mpaka mu udzu n'kuima mchira uli m'mwamba ngati nkhuku yojompha.

Injini itazima ndinamva nthungululu. Ankayesa kuti kateredwe kake ndi komweko. Zinaleka galimoto ya ozimitsa moto itayamba kuthamanga.

Ndinatuluka ndi bala pa mlomo basi. Mphunzitsi anafika, anagwada, anayang'ana gudumu, kenaka anayang'ana ine. Ndinkafuna andikalipire. Iye anangonena m'Chichewa chake chothyoka kuti, "Iwe moyo. Ndege tikonza. Lolemba bwera."

Pobwerera anandikhazika kumbuyo kwa lole, pakati pa amayi. Titafika pa Lunzu azakhali anga, amene pakamwa pawo sipazizira, anati, "Koma a payiloti, mabuleki mulibe m'menemuja?"

Wina anabisa kuseka m'nsalu.

"Musiyeni mwana," anatero malume kudzera pa windo. "Watera ameneyu. Ena amatera m'bokosi."

"Ine ndimayesa akutiwonetsa sitayilo," anatero azakhali.

Mayi ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu n'kuyamba kundipukuta mlomo anthu onse akuona, ngati mwana wa kusikelo. Ndinakankha dzanja lawo. Sanakwiye. "Usadandaule," anatero. "Ulendo winawo tidzabwera ambiri, ndi abusa omwe, tidzakupempherera pompo."

Ankanenetsa. Mayi anga sanena chinthu n'kuchisiya.

Lolemba ndinavala, ndinaika khadi la chipani m'thumba, ndinakwera basi. Ndinatsikira pa mphambano ya ku Chileka n'kukhala pa mwala. Kandege kena kankazungulira, kutera, kunyamuka, kuteranso. Kamodzi kanadumpha ngati kanga kaja, ndipo ndinamva injini ikukweza mawu, n'kupita kukazungulira. Palibe amene anaima mumsewu kuti aone. Amayi ogulitsa nzimbe pafupi nane sanadzutse n'komwe mutu.

Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kuswa mtengo, kenaka ndinakwera basi yobwerera kwathu. Lachiwiri ndinachita chimodzimodzi. Lachitatu sindinavale n'komwe.

Malo anga anapatsa mnyamata wina wa kwa Kuntaja. Ndinamva kuti iye kwawo anawauza atatera kale.