Mzere wa Mng'ono Wawo

Amalume anga anali osoka nsapato, koma Loweruka madzulo ankavala chipewa chachikulu n'kupita kuholo kukaimba nyimbo za kantire, zija za ku America. Ankaimba awiri ndi mng'ono wawo, molandizana mizere. Mng'ono wawoyo atamwalira, amalume sanasinthe kalikonse. Ankaimba mzere wawo, kenako n'kukhala chete, gitala yokha ikulira, mpaka mzere wa malemuwo udutse. Tonse tinazolowera.

Tsiku lina kunabwera namwino wina amene anali atangosamukira kwathuko. Nyimbo zitatha anapita kukawagwira chanza.

"Bambo, mwaimba bwino zedi. Koma anzanu a mawu aang'ono aja amabisaliranji kuseri kwa katani?"

Kuseri kwa kataniyo kunali khoma basi.

Amalume anapitiriza kukulunga waya wa gitala. "Mwamumva eti? Nanga panyimbo yachitatu ija analowa nthawi yake?"

"Anachedwa pang'ono."

"Ndi yemweyo," anatero amalume, osamwetulira.

Namwinoyo atauzidwa nkhani yonse sanapondenso kuholoko. Amalume anaimbabe zaka zambiri, koma kuyambira tsikulo mipando yakutsogolo inkakhala yopanda anthu.