Khoma la Achimwene

Mayi wina wa kwathu kuno wotsuka mabotolo ku fakitale ya zakumwa mtima ali nawo wabwino, koma makutu ake ndiye ayi. Mawu akangolowa, iye amathamangira tanthauzo lopweteka, labwinolo n'kulisiya panjira. Zaka khumi ndi zisanu za phokoso la makina zinamuphunzitsa kuti munthu akayankhula motsitsa ndiye kuti akukunena.

Tsono mchimwene wake wamkulu, mmisiri womanga nyumba, ndi munthu wouma pakamwa. "Pepani" sanatulukepo m'kamwa mwake chibadwire. Akalakwitsa ntchito amangobwera ndi hamala, n'kugumula yekha, n'kumanganso. Kupepesa kwake n'komweko, ndipo amisiri anzake amadziwa kuti khoma la mnzako sugumula mwiniwake ali moyo.

Iyeyu ndi amene anamangira mlongo wakeyo chipinda cha ana. Mvula yoyamba itangogwa, khoma linang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi, mng'alu woti chala n'kulowa. Mayiyo anamuitanitsa, n'kumulandira ndi moto.

"Achimwene, ana anga azigona muno? Mukufuna mundiphere ana?"

Mmisiri anapisa chala mumng'alumo, n'kugwada kuyang'ana m'munsi mwa khomalo nthawi yaitali.

"Khoma silidzimanga lokha, chemwali," anatero, n'kunyamuka.

Eee, anaiputa! "Mwamva?" mayiyo anatembenukira mwamuna wake. "Akuti ndine! Akuti ndinkawathamangitsa, akuti simenti ndinagula yochepa. Alakwe okha, mlandu asenzetse ine?"

"Sananene zimenezo, amayi," mwamunayo anayankha. "Mwina alamu akutanthauza kuti manja amene anamanga ndi awo. Bwanji osawafunsa?"

"Ndiwafunse chiyani? Anabadwa nawo ndani, ine kapena inu?"

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Kufunsa kukanamuthyola nthiti? Kwa mchimwene wakeyo n'kuseri kwa msewu komweku, foni ili m'manja. Koma ayi, mkwiyo unkamukomera, anauphika sabata yathunthu. Mmisiriyonso sindimusiya: bambo wamkulu, imvi mbuu, kukanika kunena mawu awiri okha, "ndalakwa ine"!

Loweruka m'mawa mayiyo anabwera ndi mmisiri wina. Munthuyo anayang'ana khomalo, n'kukanda m'mutu.

"Amene anamanga akudziwa, mayi?"

"Nyumba ndi yanga. Gumulani."

Hamala itangolira kachitatu, pageti panaima wilibala. Anali mchimwene wake, atavala ovololo, matumba awiri a simenti ali muwilibalamo, hamala yake ili pamwamba. Anaima njii, kuonerera munthu wina akuphwanya njerwa zake, aneba atasuzumira pampanda. Mmisiri winayo anatsitsa hamala, manyazi atamugwira.

"Maziko ndinakumba osazama, chemwali," anatero mkuluyo mwaukali. "Ndinaona tsiku lomwe lija. Ndimati ndikonze ndekha."

"Nanga osanena bwanji?" mayiyo anakuwa.

"Ndinanena."

"Munanena chiyani? Mwambi? Ine ndimafuna mchimwene wanga, osati mwambi!"

"Iwenso unafuna kumva kuti ndakunyoza, ndiye wamvadi. Wandivula pamaso pa anthu."

Mayiyo anayamba kulira, misozi ili chuchuchu. Anakwiyira mchimwene wake, anakwiyira aneba, koma koposa anadzikwiyira yekha, poti mwamuna wake anali atamuuza.

Mkuluyo anatsitsa matumba aja pageti pomwepo, limodzi limodzi.

"Simentiyo mugwiritse ntchito. Ana asagone m'chipinda chong'aluka," anatero, n'kutembenuza wilibala.

Chipinda chinamangidwanso bwinobwino, ana akugonamo. Koma papita zaka ziwiri tsopano, ndipo malume awo akabwera kudzawaona amathera pageti. Mayiyo anatopa n'kuwachonderera kuti alowe. Masiku ano amangonyamula mpando n'kukawaikira panja pomwepo.