Utsi wa Chigayo cha Amalume

Chigayo chinabwela m'mudzi mwathu ku Kaumbwe chaka chimene ndinayamba sekondale. Anagula ndi amalume, mlongo wawo wa amai, atagulitsa thonje ndi ng'ombe. Anachimanga kuseli kwa nyumba yathu chifukwa ndi pamene panali pafupi ndi msewu. Atate anali atamwalila kale, ndipo mwini mbumba anali amalume omwewo, choncho panalibe wowaletsa.

Injini inali ya dizilo, yogula kwa munthu amene anali atatopa nayo. Paipi yotulutsila utsi inatulukila pakhoma cha m'munsi, n'kuloza pawindo la chipinda cha amai. Amai anali ndi mphumu kuyambila utsikana wawo, koma inkangowagwila mwa apo ndi apo. Chigayo chitayamba, anayamba kubanika sabata iliyonse.

M'nyengo yotentha tinkapuma ndithu, chifukwa utsi unkakwela n'kupita. Mavuto anali mu Juni ndi Julaye. Amalume ankaliza injini dzuwa lisanatuluke kuti agayile anthu ofuna kukafika kudimba, ndipo utsi sunkakwela. Unkayala pabwalo ngati nkhungu, kulowa pansi pa chitseko, kumata mwaye pa mbale ndi pa zovala. Dzuwa likatentha m'pamene unkachoka. Amai ankakhala pamkeka atawelama, manja atagwila maondo, pachifuwa pakulila ngati kamwana ka mphaka.

Kusukulu tinali ndi aphunzitsi a sayansi ochokela ku Kopala, dela la migodi. Tsiku lina anatifotokozela kuti m'mawa wa nyengo yozizila, mpweya wozizila umalemela n'kukhala pansi, wofunda uli pamwamba ngati chivundikilo cha poto, ndipo utsi umasowa potulukila mpaka nthaka itatenthedwa ndi dzuwa. Anzanga ankalemba kuti adzakhoze mayeso. Ine ndinkaona bwalo lathu.

Loweluka lake ndinapita kuchigayo, ndinagwada pakhomo mpaka amalume atatuluka, mutu uli mbuu ndi ufa.

"Amalume, ndapempha. Paipi ija muikweze ipitilile denga. Kapena muziyamba kugaya dzuwa likakwela. Amai akuvutika."

"Akutuma ndi amai ako?"

"Iyai, ndabwela ndekha."

"Ndiye sukulu imeneyo. Ufa umene mumadya m'nyumba mwanu mumalipila? Mlongo wanga wakhala akutsokomola iwe usanabadwe."

Azimai amene anali pamzele ndi matumba awo anaseka. Madzulo nkhani inali itafika kale kwa amai, ndipo anandikalipila ine.

"Wandichititsa manyazi. Anthu aziti tikuchitila nsanje chuma cha achimwene. Yunifomu yako anagula ndani?"

Anali amalume. 

Tinayesa zimene tikanatha. Windo tinalitseka ndi makatoni ndi nsanza. Amai anasamukila kuchipinda changa, koma nyumba ya zipinda ziwili ilibe kothawila. Kukiliniki anawapatsa mankhwala opopela m'kamwa, ndipo anamwino anati, "Amai, muzikhala kutali ndi utsi." Amai anavomela mwaulemu, tinakwela njinga n'kubwelela kunyumba komweko.

Zinatelo zaka zonse za sukulu yanga. Nditapeza ntchito m'sitolo ina ku Nyimba, ndinachita lendi kachipinda n'kukawatenga amai. Anakana kawili, akuti sangasiye munda ndi manda a amuna awo. Kachitatu sanathe kukana, chifukwa mawu sankatuluka bwino. Ku Nyimba anapezako bwino pang'ono, koma chifuwa chinali chitatha kale. Kuchoka pakhomo kufika pampopi ankapumila panjila. Anamwalila nyengo yozizila yotsatila, m'chipatala, ndili pambali pawo.

Sindinganene kuti chigayo chokha ndicho chinawapha. Adokotala sanatelo, ndipo mphumu anali nayo kale. Koma ine ndi amene ndinkachapa nsalu imene ankatsekela kukamwa, ndipo ndikudziwa mtundu wa madzi amene ndinkataya.

Malilo tinakaikila kumudzi. Amalume anapeleka ufa wonse wa pamalilo, ndipo mkulu wa mpingo anawaimika pamaso pa anthu n'kuwayamika kuti anasamala mlongo wawo wamasiye mpaka mapeto. Anthu anavomeleza. Ine ndinali pansi pakati pa azimai, chitenje kumutu. Chigayo chinapuma masiku a malilo okha.

Patapita zaka zochepa magetsi anafika pamsewu wathu. Amalume anachotsa injini ija msangamsanga n'kuika ya magetsi, akuti dizilo yakwela mtengo. M'nyumba ya amai tsopano mukukhala mwana wamwamuna wa amalume ndi mkazi wake, ndipo mawindo amakhala otsegula.

Ndimapitako pakagwa malilo kapena ukwati. Amalume akalamba, amakhala pampando pakhonde, ndipo akandiona amaitana kuti, "Mwana wa mlongo wanga wabwela." Ndimagwada, kuwapatsa moni, kufunsa za miyendo yawo. Akati ndigone, ndimati mailo m'mawa kuli ntchito, n'kupita kumsewu kukadikila basi.