Khofi la Batire

Ndinamenya alamu anga chifukwa cha laputopu, ndipo sanalakwe kanthu.

Ndinali nditangoigula ku Zomba kuti ndizilembera malipoti a kalabu yathu ya mpunga. Kwathu kwa Mwambo kulibe magetsi, ndiye ndinkatchaja pa sola ya alamuwo. Ikadzadza, osatha ndi ola lomwe, yathima. Tsiku lachitatu ndinapita kwawo mtima uli juu.

"Mwandisinthira batire, alamu."

"Ine? Ngakhale potsegulira pake sindipadziwa."

Ndinawagwira pakhosi n'kuwawomba khofi. Anagwera pa matemba amene ankayanika, mlomo n'kung'ambika.

M'mawa mwake ndinapita nayo laputopuyo kwa aphunzitsi ena aakazi a kusekondale. Anangoyang'ana zingwe zitatu zimene zinkalendewera m'mbali.

"Izi n'zachiyani, bambo?"

"Ndimatchajira mafoni. Yanga, ya akazi anga ndi ya apongozi."

Anazizula zonse, nachepetsa kuwala kwa sikirini. Tsiku limenelo inayaka mpaka madzulo.

Alamu ndinawanamiza kuti akusitolo avomera kuti batire linali lakufa. Anangopapasa mlomo. Mpaka lero amanditchajirabe, koma akandiona ndikubwera amayamba achotsa matemba pabwalo.