Buku la Zithunzi Lomwe Ndinalitsitsa M'sutikesi

Kuno ku Glasgow, ukangonena kutchalitchi kuti wina akupita kumudzi, wadziputira. Ine pakamwa panga sipagona nkhani, ndiye ndinalengeza ndekha, monyadira, kuti ana anga aakazi awiri akupita okha ku Malawi patchuthi. Wamkulu anali atangomaliza chaka choyamba ku yunivesite.

Sabata imeneyo belu la nyumba yathu ku Shawlands silinapume. Uyu nsapato za amayi ake, uyu majuzi, uyu mafuta odzola. Aliyense ankati, "Ndi kakang'ono chabe, mayi." Kakang'ono ka Mmalawi ndimakadziwa ine, kamafuna anthu awiri kuti kakwere masitepe.

Tsiku lolongedza linali losangalatsa, sindinama. Wamng'ono anakhalira sutikesi, mkulu wake akulimbana ndi zipi, onse akuseka mpaka misozi. Poyeza, wamkulu ankakwera pasikelo ya kubafa yekha, kenako n'kukweranso atanyamula sutikesi, wamng'ono atagwada pansi kuwerenga manambala.

M'sutikesimo munali buku la zithunzi lomwe wamkuluyo anakonzera bambo anga. Agogo akewo anali asanaonepo komwe timakhala. Anajambula msewu wathu, chipale chofewa pawindo, mtsinje, ngakhale basi yomwe ankakwera popita kusukulu. Pansi pa chithunzi chilichonse analemba m'Chichewa chake chopunduka, ndipo anakana kuti ndimukonzere. Linamutengera miyezi itatu, ndipo linali lolemera.

Katundu anapitirira ndi makilo awiri. Ndinatulutsa zinthu ziwiri: bukulo, ndi ayironi ya mkazi wa mkulu wa mpingo, yopita kwa mlamu wawo. Ndinaganiza za Lamlungu, m'mene mayiwo akanandiyang'anira ndikawabwezera phukusi lawo. Manyazi anandigwira.

"Bukuli mudzapita nalo ulendo wina," ndinatero. "Agogo anu sakuthawa."

"Koma Mami, ndi la agogo," anayankha wamkuluyo. Nthawi zonse amandiyankha m'Chingerezi, koma apa analankhula Chichewa. Sindinalabadire. Analinyamula n'kukaliika pansi pa bedi lake, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Ayironi inafika bwinobwino. Ndinathokozedwa pamaso pa amayi onse.

Ulendo winawo unachitika patapita zaka zitatu, ine ndili nawo. Bambo anali moyo, monga ndinanenera, koma matenda a shuga anali atawatha maso. Mwana wanga wamkulu uja anawaikira bukulo pamiyendo tili pakhonde. Iwo ankatsegula tsamba, kulisisita ndi zala, n'kufunsa, "Apa pali chiyani?" Iye ankafotokoza, n'kuwawerengera zomwe analemba. Bambo ankaseka Chichewa chakecho mpaka kutsokomola. Ndinasankha kusangalatsa munthu wongopatsana naye moni, n'kuwamana bambo anga ondibereka kuona nyumba ya mwana wawo. Mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Atafika kumapeto, bambo anandiitana. "Mwana wakoyu ndi waluso. Analikonza liti limeneli?"

Mwana wanga sanandiyang'ane n'komwe.

"Chaka chomwechino, agogo," anatero.