Tsiku Limene Ndinadzola Mwaye

Ndikukumbukira m'mawa umene ndinadzola mwaye wa mphika. Ndinali Sitandade 3, tikukhala kumtunda kwa Chikale, ine ndi amayi awiriwiri. Bambo anga anali Mmwenye wa sitolo pafupi ndi doko. Boma litalamula kuti Amwenye asamukire m'mizinda ikuluikulu, anakweza katundu palole, ulendo, osabweranso. Ndikafunsa chifukwa, amayi ankanditsina pantchafu maso ali kukhomo, poti nkhani za boma sitinkazitchula. Chimene bambowo anandisiyira ndi khungu loyera ndi tsitsi loterera, lokana kulukidwa.

Kwathu kuno ukamuchitira munthu chabwino sangoti zikomo, amakuthokoza ndi chiwongo cha bambo ako: yewo Nyachirwa, yewo Nyalongwe. Ine ankangoti yewo, basi, mawu n'kuduka ngati chingwe. Amene anazindikira zimenezi ndi Esinati, mnzanga wa benchi limodzi. Tsiku lina pabuleki ndinamubenthulira chinangwa chootcha, iye n'kulandira ndi manja awiri, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Yewo Nya... Nya... Nyandani kodi? Nyasitolo!"

Anzathu anaseka mpaka ena kugona pansi. Kuyambira pamenepo inali nyimbo ya panjira: mkaladi alibe chiwongo, mkaladi alibe kwawo. Ine m'kamutu kanga ndinkati vuto ndi khunguli, likada chiwongo chibwera chokha.

Ndiye m'mawa umenewo, amayi atatsikira kudambo kukavuula chinangwa, ndinapala mwaye kunsi kwa mphika, n'kusakaniza ndi mafuta otsala okazingira usipa, n'kudzola kumaso, m'khosi, m'mikono, mpaka kuseri kwa makutu. Ntchentche za m'tauni yonse zinandiperekeza kusukulu. Inali nyengo yotentha ija, ndipo pamzere tinkaguba tikuimba, dzuwa lili pamutu. Thukuta linayamba. Ndinamva likuyenderera, ndinaona madontho akuda pakolala, kenaka kuseka kumbuyo, kuseka kumbali. Aphunzitsi sanandikwapule. Anangonena chapansipansi kuti, "Pita ukasambe, mwanawe." Bola akanandikwapula.

Kunyumba ndinaopa. Ndinathamangira kudoko kumene asibweni, alongo awo a amayi, ankagwira ntchito yonyamula katundu. Sitima ya Ilala inali itakocheza, phokoso, fungo la dizilo ndi nsomba zouma. Asibweni atandiona anatula thumba la chimanga pomwepo. Ananditengera m'madzi, anavula malaya awo, n'kumandipukuta nawo pang'onopang'ono mpaka khungu lija linabwerera, loyera ngati kale. Ndinalira poliona.

Kenaka anandituma madzi akumwa kwa mayi wogulitsa tiyi. Ndinabwera nawo, ndinagwada. Anamwa onse, anapukuta pakamwa, ndipo pamaso pa anzawo ndi amayi ogulitsa nsomba anati mokweza, "Yewo, Nyamanda."

Ndinacheuka kufuna kuona amene akumuthokoza.

"Iwe Manda," anatero mnzawo wina, "chiwongo n'cha bambo. Kapena kwanu zinasintha?"

"Bambo wake ananyamula sikelo ndi nsalu, mwana anamusiya," anayankha asibweni. "Katundu wotsala padoko mwini wake ndi amene wamusenza. Ndamusenza ine. Uli ndi mawu?"

Mnzawo uja anangosenza thumba lake n'kumapita.

Mawa lake Esinati anayambanso, Nyasitolo. Ndinamuyang'ana m'maso. "Ndine Nyamanda. Ukafunse kudoko." Sindinama kuti anasiya tsiku lomwelo, ayi, nyimbo ija inandilondola mpaka Sitandade 6. Koma mphika sindinaupalenso, ndipo tsitsi langa ndinasiya kulibisa.

Lero zambiri zasintha. Asibweni anatisiya, sitolo ija muli chigayo, ine ndi Esinati timagulana nsomba n'kumafunsana za ana. Anthu amati ana a masiku ano sasekana za khungu. Kaya. Mwana wanga Tamala akuyamba sukulu Lolemba, ndipo watenga tsitsi langa, khungu langa, zonse. Ndikamuona akudziyang'anitsitsa m'beseni la madzi, ndimasiya chimene ndikugwira. Miphika yonse ndakwecha ndi mchenga mpaka mbee. Chiwongo iye ali nacho, cha bambo ake, koma mwana sadziwa kuti ali ndi chinthu ngati sanachimve ndi makutu. Ndiye m'mawa uliwonse ndimamutuma madzi, ngakhale ndilibe ludzu, ndimamwa onse, n'kunena mokweza kuti ndi oyandikana nawo amve: "Yewo, Nyalongwe."